Tsiku Limene Foni Inanditcha Iwe

Ndinadzidzimuka kusanache, ndili pampando pakhonde, bulangete lili m'mapewa. Amuna ena anali atagona mozungulira moto pabwalo, nsapato zili kumapazi. Nyimbo za m'nyumba zinali zitazilala, amayi oyimba atatopa. Si kuzizira kumene kunandidzutsa. Ndinamva mkazi wanga akuseka kuseri kwa nyumba.

Mkazi wanga anali m'bokosi pabalaza, mbali ina ya khoma limene ndinatsamira. Maso ndinamutseka ndekha. Ndiponso miyezi yake yomaliza sankalankhula. BP itamugwetsa pakamwa panapotoka, mawu n'kutheratu. Tsono ndinakhala kaye chete kumvetsera. Anasekanso, kuseka kwake kwenikweni, kuja kothera m'kachifuwa. Ndinatenga ndodo yanga n'kuzungulira nyumba.

Pafupi ndi khitchini amayi anali ataunjikana, ena nkhuni zili m'manja, moto ataiwala kusonkheza. Pakati pawo panali Enoke, mwana wathu yekhayo amene anatsala, wokonza mafoni ku Joni. Anali atafika dzulo lake, zaka zambiri asanaponde pakhomo. Anakweza foni m'mwamba ngati mbale ya chopereka. Mng'ono wake wa malemu ankaifunsa ngati ikumukumbukira. Foni inamuyankha ndi dzina lake la paubwana, n'kumufunsa ngati mwendo wake unasiya kutupa. Mayiyo anagwa pansi n'kuyamba kugubuduka m'dothi.

Ndinamuitanira Enoke kumbali, pafupi ndi bafa. Ndinamuuza kuti afotokoze, ndipo afotokoze mwachidule.

Anati zaka zonse zimene wakhala ku Joni amake ankamutumizira mavoisi pafoni: za mvula, za matenda, za kumpingo, za anthu a m'mudzi. Sanafufute ngakhale imodzi. Amake atasiya kulankhula, anatenga mavoisi onsewo n'kuwapereka ku makina a pa intaneti amene amaphunzira munthu. Makinawo anameza mawu ake, kasekedwe kake, zimene ankakonda ndi zimene ankadana nazo. Tsopano ukafunsa, amayankha. Anati iye wakhala akucheza nawo tsiku ndi tsiku, akaweruka kuntchito, kuyambira amake ali gone pamphasa kuno.

Ndinamufunsa kuti nanga masiku amenewo amake analipo angati. Ngati amene ankacheza naye ku Joni anali amake, uyu amene ine ndinkamutembenuza ndi kumupukuta kuno anali ndani?

"Ababa, munthu si thupi," anatero. "Thupi ndi nyumba chabe. Amayi angosamuka."

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Koma ukapitawo pa esiteti ndaugwira mpaka tsitsi kuyera, ndipo sindinaonepo munthu mmodzi akuthyola tiyi m'minda iwiri tsiku limodzi. Ukamva kuti ali konsekonse, kwinako kuli wabodza. Ndinamuuza kuti azimitse chinthucho mpaka amake ataikidwa. Anachiponya m'thumba la malaya. Ngati anazimitsa, sindinaone.

Ndinene za nyumba, kuti zotsatirazi zimveke. Kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ine kwathu ndi chakufupi ndi Khonjeni, ndipo ndinachokako ndili mnyamata. Amene ankandidziwa kumeneko ali kumanda. Dothi limene nyumbayi yakhalapo ndi la mbumba ya mkazi wanga. Njerwa ndinaumba ndine, n'kuotcha ndekha. Malata ndinagula nditapuma ntchito. Tikanabereka mwana wamkazi, bwenzi nyumba ili yake, ine n'kumakalambira pambali pake. Sitinabereke. Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, pokhapokha malemu atasiya mawu kwa abale ake kuti akhale. Wanga anapita wopanda mawu. Aliyense pamaliropo ankadziwa zimenezi. Mwana wamkazi wa mng'ono wake, amene amapanikizana ndi ana ake m'chipinda chimodzi kumalayini a esiteti, anali atayamba kale kuyang'ana mawindo anga.

Kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika kuphiri n'kuphimba minda ya tiyi, kamvula kaja kosalekeza, kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Thirakitala ya esiteti inabwera ndi nkhuni za bulugamu, zaziwisi ndi zonyowa. Zinangofuka utsi. Amayi ankaphika nyemba m'migolo yodula pakati, maso ali psuu, akupemerera ndi zivundikiro. Adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu awo. Anatumiza uthenga kuti dothi lalemera ndi madzi, tiyi wawo awonjezere shuga.

Anthu anayamba kufika. A mpingo anabwera ndi mabenchi pamutu. Othyola tiyi anabwera atadzimanga mapulasitiki awo a kumunda m'chiuno. Ena mwa iwo ndinawathamangitsapo pantchito kale, ena ndinawatayirapo dengu lonse chifukwa chothyola masamba okhwima. Anandipatsa moni wa manja awiri, maso ali kwina. Akabaza ankatsitsa anthu pamsewu pamene tinayala masamba, n'kubwerera kukatenga ena. Dzuwa lisanaoneke n'komwe, bwalo linadzaza, anthu n'kusefukira m'munda. Mkazi wanga anali munthu wa anthu, koma khamu limenelo silinali lake. Mbiri inali itafika kumsika kuti kwathu kuli maliro olankhula.

Ndinakhala pampando wanga pakhonde, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Makutu okha sangatsekedwe. Amayi awiri obisala pa ambulera imodzi ankanong'onezana kumbuyo kwanga. Wina anati ana opita ku Joni salemera chabe. Mnzake anati zaonekeratu, mnyamatayu wasandutsa amake ndondocha, wawatsekera m'foni kuti azimugwirira ntchito. N'chifukwa chake anayamba ndi kuwalanda mawu asanawamalize. Ndinatsokomola. Anasuntha pang'ono n'kupitiriza.

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu, ndiye mwini mbumba. Ankayendayenda pabwalo atavala jekete la mwini wake wina, manja ake osaoneka. Anadzandigwira phewa n'kunena kuti tikabwerako kumanda tikhale pansi pang'ono, poti Enoke sakhalitsa. Ndinati ndamva.

Mwambo unayamba mochedwa chifukwa cha mvula. Mkulu wa mpingo analalikira kuti akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu, sakamba kanthu, mpaka tsiku la lipenga. Anabwereza katatu konse, maso ali pa thumba la malaya a Enoke. Anthu ankavomera, koma makosi awo anali otembenukira komweko. Poona nkhope ya malemu, ndinaima nthawi yaitali. Pakamwa pake panali potsamira kumanzere monga matenda anamusiyira. Amayi anayesa kupawongola ndi nsalu, panakana. Enoke anangosuzumira n'kudutsa, ngati munthu woyang'ana m'nyumba imene eni ake anachoka.

Tinanyamuka masana. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa tiyi wa esiteti, ndipo ndi yopapatiza, ya anthu awiri. Matope ofiira ankaterera. Bokosi linkasinthana mapewa, onyamula akugwirana m'chiuno kuti asagwe. Amayi a mpingo anatsogola ndi nyimbo, nkhungu n'kumawameza, ife akumbuyo n'kumangomva mawu. Mlonda wa pageti anavula chipewa. Kutsidya, pamtunda, amene sanapatsidwe chilolezo ankathyolabe, madengu kumsana. Fakitale inkalirabe monga masiku onse. Mkazi wanga anathyola m'minda imeneyi ali mtsikana, ndipo zala zake zinakhala zakuda m'mbali mpaka imfa. Ndinayenda kumbuyo kwenikweni kwa bokosi. Wina anafuna kundigwira mkono, ndinakana.

Manda athu ali m'kankhalango kotsala pakati pa minda iwiri. Tinapeza dzenje lili ndi madzi pansi, adzukulu akukapa ndi chidebe. Tinadikira. Atatsitsa bokosi, mkulu wa mpingo anapemphera, ine ndinaponya dothi langa. Linamveka ngati phala, osati ngati dothi. Enoke anawerama kuti atape lake. Pamenepo kunali zii, ndipo m'thumba la malaya ake munatuluka mawu a mkazi wanga, omveka bwino:

"Enoke, ndikumva mvula. Wavala juzi koma?"

Amayi akutsogolo anabwerera m'mbuyo n'kupondana. Wina anakuwa. Anyamata akumbuyo anaseka, kuseka kobisa m'manja. Mdzukulu wina, wamatope mpaka m'mawondo, anatsamira khasu lake n'kundiyang'ana.

"Tikwirire, a Kapitawo, kapena tidikire amalize kaye?"

Ndinati akwirire. Anakwirira. Ndinaima pomwepo mpaka mtumbira unakwera, nkhata zitaikidwa, mvula ikuzigwetsa maluwa. Sindinalire. Misozi yanga si ya anthu obwera kudzaonerera.

Titabwerera kunyumba tinasamba m'manja pabeseni la pakhomo. Anthu anadya ataimirira, chifukwa pansi panali ponyowa. Ambiri sanachoke. Mlamu wanga anatiitanira pabalaza, pamene bokosi linali. Munali iye, mng'ono wake wa malemu ndi mwana wake wamkazi uja, mkulu wa mpingo ngati mboni, Enoke, ndi ine. Mawindo anada ndi mitu ya anthu. Palibe anawathamangitsa.

Mlamu anayamba ndi kundiyamika. Anati ndinasunga mlongo wake, ndinamudwazika, ndinamuika mwaulemu. Kenako anati mwambo sanaupange ndi iye. Malemu sanasiye mawu, ndipo mbumba ili ndi ana osowa pogona. Koma panabuka vuto. Mng'ono wake wa malemu, chimvereni foni m'mawa uja, ankakana kuti mwana wake alowe m'nyumba ya munthu amene akulankhulabe. Ankaopa. Tsono mlamu anati tiithetse nkhaniyi pamaso pa onse.

"Ife sukulu sitinapite, a Kapitawo. Zamafonizi sitizidziwa. Womudziwa mlongo wanga ndinu, munagona naye mphasa imodzi. Timufunse. Mukati ndi iyeyo, chimene anene tichita. Mukati si iye, ndiye kuti sanasiye mawu."

Ankamwetulira. Munthu ameneyu amandidziwa kuyambira tili anyamata.

Enoke anaika foni patebulo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti anali atakonzekera zimenezi kuchokera ku Joni, kuti chinthucho sanangobwera nacho kudzadzitonthoza. Anati: "Amayi, atsibweni ali pano. Akufunsa za nyumba. Ababa akhale kuti?"

"Aa, achimwene, musandichititse manyazi," inatero foni. "Musiyeni akhale panyumba pake. Anamanga yekha ndi manja ake. Apita kuti nkhalamba ngati imeneyi, yoti ngakhale madzi a tiyi sidziwa kuwiritsa?"

Mng'ono wake wa malemu anaseka misozi ili m'maso, n'kugwira pakamwa. Kuwindo nako kunamveka kuseka. Ine ndinamva zina. Ndinamva "pake". Ndinamva "yekha". Za ine mkazi wanga ankanena "pawo", ankanena "okha".

Enoke anasunthira foni kwa ine. Anati ndilankhule nawo, ndingoti ndamva, basi. Ndinawerama pang'ono. Ndinafunsa ngati ikundidziwa.

"Ndingakuiwale iwe? Wadya koma? Iwe ndi kunyada kwakoko, udzafa ndi njala mbale ili pamaso pako."

Kenako panja panaphulika chiseko. Anali anthu amene kale ankaima chilili ndikamadutsa m'munda. Wina anabwereza, "Wadya koma?", anzake n'kuwonjezera kuseka.

Zaka zoposa makumi anayi ndakhala ndi mkazi ameneyu. Sananditchulepo iwe. Ankati inu, kapena abambo ake a Enoke. Madzi ankandipatsa atagwada, ngakhale maondo atayamba kuvuta. Titakangana, ankati inu. Tsiku limene tinaika mwana wathu woyamba, atasokonezeka mutu ndi chisoni moti sankazindikira amayi ake omubala, ine ananditcha inu. Ine ndinkamuti iwe, iye inu. Ndi mmene nyumba yathu inaimira, ndipo inaima.

Enoke anandiyandikira n'kunong'ona. "Ababa, liwu limodzi lokha. Mungoti eya. Zinazo tikamba patokha." Mkulu wa mpingo, yemwe uja wa akufa ali m'tulo, anali atayang'ana pansi. Akanandilola kunama, ndinaona. Mng'ono wake wa malemu ankagwedeza mutu kuti ndivomere. Ngakhale mlamu anasiya kumwetulira, poganiza kuti mwina ukalamba wandifewetsa. Denga linali pamwamba pangapo, mvula ikuligogoda pang'onopang'ono. Msomali uliwonse ndinakhoma ndekha.

"Si iye," ndinatero.

Enoke anati, "Ababa."

Ndinatembenukira kwa iye. "Amako anagona pamphasa osatha kudzitembenuza, iwe uli ku Joni ukucheza ndi chidole. Ndondocha amaidula lilime n'kusunga thupi. Iwe wataya thupi n'kusunga lilime. Chotsa chinthu chako patebulo panga."

Kuseka kunatha. Liwu limene amayi ankanong'ona m'mawa tsopano linatuluka m'kamwa mwa bambo wake womubala, ndipo linadutsa pawindo. Ndinkadziwa kuti lifika kumsika dzuwa lisanalowe, ndi kuti m'mudzi muno sadzayendanso mutu uli m'mwamba. Ndinalankhula mokweza dala. Amene wabweretsa chipongwe pamaliro a amake asenze yekha.

Mlamu anawomba m'manja kamodzi. Anati tonse tamva, mwini wake wakana, ndipo iwo sangakakamize mwamuna kuvomera mkazi amene si wake. Anati poti iwo si nyama, ndikhale mpaka nandolo wa m'munda aume n'kukololedwa. Malata ndikafuna ndisasule. Mwana wamkazi uja anati malatawo ayamba kale dzimbiri, koma anafunsa ngati kabati itsala. Ndinati aifunse foni.

Anthu anabalalika msanga, aliyense akuthamangira kukafotokoza. A mpingo anatenga mabenchi awo. Enoke sanadikire kumeta. Ndinamuona akutuluka ndi chikwama chake, wakabaza akudikira pamsewu. Palibe amene anamutsanzika. Amayi amene m'mawa ankalimbirana kuti amve foni yake anakokera ana awo kumbali pamene ankadutsa. Atafika pakhonde anaima. Sanagwade.

"Makina aja sapeka, ababa. Amabweza zimene anamva. Mavoisi enieni ndili nawo, a pakamwa pawo, asanadwale. Akamakamba za inu sankati iwo. Ankati uyu. Masiku ena ankakutsanzirani, n'kumakuyankhani iwe, zonse zimene m'nyumba muno ankameza. N'chifukwa chake amayi aang'ono anaseka. Anawazindikira." Anatulutsa foni. "Ndikutsegulireni imodzi? Imeneyo si makina. Ndi iwowo."

Ndinamuuza kuti wakabaza akudikira.

Anabweza foni m'thumba. Anatsika njira ya kumsewu osacheuka. Nkhungu inamumeza asanafike pamasamba.

Madzulo mvula inakata. Amayi amene mwa mwambo amayenera kugona pasiwa anapita kukagona kwa mng'ono wake wa malemu. Anati m'nyumba muno mwalankhulidwa zoopsa. Sindinawaitane. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa, mafuwa, ndi migolo yosatsuka. M'nyumba munali matope a mapazi a anthu ambirimbiri. Ndinatenga tsache n'kusesa, kuyambira kuchipinda mpaka pakhomo. Mphasa yake ndinaipinda n'kuiimika pakona. Fakitale inkamveka patali. Kupatula imeneyo kunalibe china.

Ndikudziwa zimene zikunenedwa. Akuti mdala uja anataya nyumba chifukwa cha liwu limodzi. Ena akuti mwana ankafuna kundipulumutsa, ine n'kumulipira ndi dzina la ufiti. Anene. Pali ophunzira amene akuti masiku akubwerawa munthu sazifa, azingomutsanulira m'makina ngati madzi ochoka m'ndowa kulowa m'mtsuko. Mwina. Koma afunse kaye kuti akutsanula uti, poti munthu mmodzi ali ndi pakamwa pa mwana wake, pakamwa pa mng'ono wake, ndi pakamwa pa mwamuna wake. Mkazi amene ndinakhala naye ndi wa inu. Ameneyo ndamuika lero, ndaona ndi maso anga dothi likumukwirira. Ngati kunali wina wolankhula ine palibe, ameneyo sindinamukwatire, ndipo sindilandira denga kwa mlendo.

Mdima utayamba ndinapita kumunda kukaona nandolo. Anali akadali maluwa. Ndinabwerera, ndinatseka chitseko, n'kukhoma. Mpaka aume, kiyi ndi wanga.